Chiweto sichifa, tsamba lake ndilo limafa: mafunso ndi mayankho pa zosunga zakale za Neopets

Anthu awiri amene anakulira pa Neopets akadziwana, funso loyamba limakhala lomwelomwelo: "Chako chikadalipo?" Amanena chiweto. Ndipo kawirikawiri chimakhala chikadalipo ndithu, chili ndi njala ya zaka 15 kapena 20, koma chikupuma. Zimene zinapita ndi zimene zinkachizungulira: tsamba limene mwana analimanga yekha, kanyimbo kamene kankalira ukangolitsegula, gemu imene anatherapo zala, anzake amene ankangowadziwa ndi mayina opeka. Mafunso ali m'munsiwa ndawatola kwa anzanga amene tinkasewera nawo, ena kwa abale amene amapukusa mutu akandiona ine, munthu wamkulu wa ana ake, ndikudyetsa kanyama kojambula.

Kodi Neopets n'chiyani kwenikweni?

Ndi webusayiti ya ziweto za pa kompyuta imene inatsegulidwa pa 15 Novembala 1999. Anaiyambitsa ndi achinyamata awiri a ku Britain, Adam Powell ndi Donna Williams, amene ankaganiza kuti oisewera adzakhala ophunzira a ku yunivesite ofuna potayira nthawi. Zinatembenuka, munadzaza ana. M'chaka cha 2000 wabizinesi wa ku America, Doug Dohring, analowetsapo ndalama, kampaniyo n'kukakhazikika ku Glendale, California.

Umalembetsa ulere, n'kusankha chiweto pa mitundu yoposa 50. Pali Shoyru wamapiko, Kougra wamizeremizere ngati mphaka wamkulu wa m'tchire, Lupe wonga mmbulu, JubJub amene ndi kampira ka ubweya kokhala ndi mapazi basi. Umachipatsa dzina limene palibenso wina angalitenge. Dziko lake ndi Neopia, ndalama zake ndi ma Neopoints, ndipo umazipeza posewera timagemu. Kuli banki yopereka chiwongoladzanja tsiku ndi tsiku, msika wa masheya, okushoni, masitolo a osewera eni ake, ndi nyuzipepala yolembedwa ndi osewera, The Neopian Times, imene yadutsa makope 1,000. Ana ambiri anadziwira kumeneko tanthauzo la kukwera mitengo kwa zinthu: umasunga ndalama miyezi yambiri kuti ugule burashi yopentera chiweto, pofika kumsika n'kupeza mtengo wakuthawa.

Mukuti chiwetocho sichifa?

Sichifa. Tamagotchi, kachidole ka m'thumba kamene kampani ya Bandai inatulutsa ku Japan mu 1996, ukakaiwala masiku ochepa umakapeza katafa. Neopet ayi. Njala yake ili ndi masitepe, ndipo lomaliza amalemba kuti "dying", kunena kuti chikufa, koma chimangokhala pamenepo mpaka kalekale.

Ine ndinasewera ndili mwana ku Britain, kumene makolo anga ankaphunzira, pa kompyuta ya ku laibulale imene ankatipatsa ola limodzi. Nditabwererako patapita zaka zoposa 10 ndinapeza chiweto changa, Kacheek wabuluu, ali pomwe ndinamusiya, mawu aja ali pambali pake. Ndinapita ku Tyrannia, dera lina la mu Neopia, kumene kuli dzira lokazinga lalikulu ngati phiri, loti aliyense amabenthulako kamodzi pa tsiku. Ndinabenthula, ndinamudyetsa. Chibenthu chimodzi chimadyedwa katatu. Sanandifunse kumene ndinali. Kenako ndinatsegula tsamba lake limene ndinalikongoletsa ndili ndi zaka 11, ndipo paliponse pamene panali chithunzi panali kabokosi kopanda kanthu. Mawu okha ndiwo anatsala, apinki, ndi Chingelezi changa chophotchoka cha nthawi imeneyo.

Ngati webusayitiyo ikadalipo, chofunika kusunga n'chiyani?

Apa ndiye pagona nkhani. Kampani imayang'anira zimene inajambula yokha ndi zimene zimaibweretsera ndalama. Zimene ana anapanga ndi manja awo zilibe mlonda.

Chiweto chilichonse chimabwera ndi tsamba lakelake, lotchedwa petpage, limene mwini wake amaloledwa kulembamo HTML ndi CSS, zilankhulo zomangira masamba a pa intaneti. Chimodzimodzinso tsamba lodzifotokozera, sitolo, ndi magulu otchedwa guild. Kunalibe zongodina n'kusankha ngati za masiku ano. Ukafuna kuti kumbuyo kwa tsamba lako kukhale nyenyezi zothwanima, unkayenera kudziwa cholemba. Ndiye ana ankaphunzitsana okhaokha. Unkapita pa tsamba lokongola la mnzako, n'kutsegula zolemba zake zamkati, kukopera, kusintha nambala imodzi, kuona chimene chasintha, kuwononga zonse, kulira pang'ono, kuyambiranso. Ambiri amene lero amalemba mapulogalamu ndi kumanga mawebusayiti, makamaka akazi, amanena poyera kuti sukulu yawo yoyamba inali imeneyi.

Ndipo masambawo sanathere pa chiweto. Ena anawasandutsa mabuku a malangizo a magemu, ena nthano zazitali zolemba chaka chonse, ena malo ogawirapo zithunzi zaulere zokongoletsera. Munthu akalengeza kuti akufuna kupereka chiweto chake chamtengo wapatali, ofuna ankamanga tsamba lathunthu lodzichonderera, lokhala ndi zojambula ndi ndakatulo ndi malonjezo a mmene adzachisamalire, ngati akufunsira mbeta. Zoterezi palibe kampani imene inazilamula. Zinangomera.

Vuto linali loti zithunzi zako Neopets sinkakusungira. Unkaziika kwina, pa tsamba lako n'kungolembapo adiresi yake. Yahoo itatseka GeoCities, malo amene anthu ankamangapo masamba awo ulere, mu Okutobala 2009, zimene zinali kumeneko zinazima pa masamba onse amene ankaziloza. Mu 2017 Photobucket inaletsa kuonetsa zithunzi zake pa mawebusayiti ena pokhapokha munthu azilipira madola 399 pa chaka, ndipo masamba osawerengeka pa intaneti yonse anadzuka ali mabokosi okhaokha. TinyPic inatseka mu 2019. Motero tsamba likhoza kukhalapo lero, koma lili ngati nyumba imene anazula zitseko, mawindo ndi malata, kwatsala zipupa.

Zina zinapangidwa kuti zisakhalitse n'komwe. Zokambirana za pa Neoboards zimafufutika zokha zikangozizira. Timakalata ta Neomail timachotsedwa pakapita nthawi. Maubwenzi a zaka zambiri anachitikira pa thanthwe, posatsala phazi.

Flash imene mumaidandaula n'chiyani?

Si fulashi ya m'thumba yosungira nyimbo ija ayi. Flash inali pulogalamu yowonjezera mu browser, imene inkachititsa kuti zojambula ziziyenda, magemu azisewereka. Inali ya kampani ya Macromedia, imene Adobe inagula mu 2005. Magemu a Neopets pafupifupi onse ankayendera Flash: Meerca Chase, Hasee Bounce, Destruct-O-Match, Kass Basher, Turmac Roll ndi ena mazana. Mapu a Neopia, ndi chipinda chovekera chiweto zovala, zinalinso za Flash.

Koma inali ndi mabowo ambiri olowera akuba, inkadya batire, ndipo iPhone itatuluka mu 2007 sinkaiwerenga. Mu Epulo 2010 Steve Jobs analemba kalata yapoyera yofotokoza chifukwa chimene Apple sidzailolera pa mafoni ake. Mu 2017 Adobe inalengeza kuti idzaisiya. Inaisiyadi pa 31 Disembala 2020, ndipo kuyambira pa 12 Januwale 2021 chilichonse cha Flash chinayamba kukanidwa. Chenjezo linabwera kukadali zaka 3. Komabe tsikulo litafika, magemu a Neopets amene anali atasamutsidwira ku HTML5, njira yatsopano yosafuna Flash, anali owerengeka, ndipo mbali yaikulu ya Neopia inada bii. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Ndiye kuti magemuwo anatheratu?

Ambiri anapulumuka, ndipo amene anayamba kuwapulumutsa si eni ake.

Choyamba pali Ruffle, pulogalamu yaulere yolembedwa m'chilankhulo cha Rust ndi anthu ongodzipereka. Ntchito yake ndi kunamizira kuti ndi Flash: imatenga fayilo yakale ya .swf n'kuiyendetsa mu browser ya lero popanda mabowo aja. Internet Archive, nkhokwe yosunga zakale za pa intaneti, inayamba kuigwiritsa ntchito chakumapeto kwa 2020, ndipo mu 2023 Neopets nayo inaiika pa webusayiti yake, magemu oposa 50 n'kudzuka. Sikuti zonse zimayenda myaa. Magemu akale kwambiri, olembedwa mu ActionScript 1 ndi 2 (ActionScript ndi chilankhulo cholembera magemu a Flash), ndiwo anayamba kugwira bwino, pamene a ActionScript 3 anatenga nthawi. Nthawi zina phokoso limachedwa pang'ono, kapena liwiro la gemu limasiyana ndi limene zala zako zinazolowera, ndipo zala sizinama.

Kenako pali Flashpoint, nkhokwe imene Ben Latimore wa ku Australia, wodziwika kuti BlueMaxima, anayambitsa mu 2018. Muli magemu ndi zojambula zoposa 100,000 zotoledwa pa intaneti yonse. Iyi umaiika pa kompyuta yako. Nzeru yake ndi yakuti magemu ambiri anamangidwa kuti akane kuyenda akakhala kuti sali kwawo, ndiye Flashpoint imakhala ndi kaseva kabodza mkati mwake, kopusitsa gemu kuti iziona ngati ikadali pa webusayiti yake. Imasunganso zamtundu wina zimene Ruffle siwerenga, monga za Shockwave, imene Adobe inasiya mu 2019. Hannah and the Pirate Caves inali gemu ya Shockwave. Kungoti m'menemo mumasewera chabe, simulandira Neopoint ngakhale imodzi.

Zimene zinapitiratu ndi zimene ubongo wake unali pa maseva a kampani. Key Quest, imene anthu angapo ankasewera limodzi, Habitarium ndi Petpet Park zonse zinatha m'chaka cha 2014. Gemu ya munthu mmodzi ili ngati kaseti: ukakhala nayo, n'kupeza wailesi yoilizira, imalira. Gemu ya pa seva ili ngati gule. Ukhoza kusunga ng'oma ndi zovala zonse, koma oimba ndi ovina akapita, watsala ndi katundu. Za Key Quest kwatsala zithunzi, mavidiyo a pa YouTube ndi mkwiyo umene sunathebe.

Nanga nkhani ya "UC" imene akale amakonda kutchula?

Mu Epulo 2007 kampani inajambulanso ziweto zonse kuti za mtundu umodzi ziziima mofanana, n'cholinga choti zizitha kuvala zovala. Chaka chomwecho inatsegula NC Mall, sitolo yogulitsa zovalazo ndi Neocash, ndalama imene umagula ndi ndalama zenizeni. Zithunzi zakale zinali ndi khalidwe: chiweto chopentedwa mtundu wa Grey chinkakhala chitafooka, maso ofiira, cha Faerie chili m'malere, cha Plushie chitakhala pansi ngati chidole chosokedwa ndi zigamba. Zatsopanozo zinangoima njo, dzanja lili chifumbatire kudikira chonyamula.

Eni a ziweto za mitundu ina anapatsidwa mwayi wokana kusinthaku. Ziweto zimene zinatsala ndi chithunzi chakale ndizo zinatchedwa unconverted, mwachidule UC. Poti panalibe njira yopangira zina, zinasanduka chuma. Anthu ankasinthana nazo kwa zaka, kukwera pang'onopang'ono kuchoka pa chiweto wamba kufika pa UC ya maloto awo. Kuseri kunalinso msika wa ndalama zenizeni, umene malamulo a webusayitiyo amaletsa, ndipo umenewu ndiwo unkadyetsa akuba othyola maakaunti ogona kuti abe ziwetozo.

Kumayambiriro kwa 2024 zithunzi zakale zija zinabwerera ngati chovala choti aliyense angagule ndi Neocash. Amene anavutikira UC yawo zaka 10 ena analira, ndipo ndimawamvetsa. Ine ndinakondwa, chifukwa zojambula zabwino siziyenera kukhala m'khola la anthu ochepa, komanso msika wa akuba unafooka. Kungoti pamenepo ndi pamene kupukwa zakale kunamatidwa mtengo, ndipo tinalipira tokha mosakakamizidwa.

Mwini wake ndani tsopano?

Yadutsa m'manja ambiri. Kampani ya Viacom inagula mu 2005 pa madola 160 miliyoni. JumpStart inagula mu 2014, ndipo posamutsa maseva m'chaka chimenecho ndi pamene zinthu zambiri zinasweka. Mu 2017 JumpStart inagulidwa ndi NetDragon ya ku China. Mu 2021 kunabwera maganizo a ma NFT, zithunzi za pa kompyuta zogulitsidwa ndi chiphaso cha umwini, osewera n'kuwakana kwamtuwagalu. Mu Julayi 2023 Neopets inaima payokha pansi pa kampani ya World of Neopia, motsogozedwa ndi Dominic Law, ndipo za NFT zija zinatayidwa. Katundu akasamutsidwa kambirimbiri chonchi, mbale zina sizifika.

Amene akusunga zakalezi ndi ndani?

Makamaka osewera eni ake, osalipidwa. Jellyneo, imene inayamba mu 2004, ili ndi kaundula wa katundu wa mu Neopia, chinthu chilichonse ndi chithunzi chake ndi mbiri ya mitengo yake. Ilinso ndi Book of Ages, yofotokoza anthu ndi zochitika za m'nthano za Neopia, ndi malangizo a mipikisano imene inatha kalekale, yoti simungaiseweranso koma mukhoza kuwerenga mmene inayendera. Dr. Sloth's Image Emporium imatola zithunzi zimene zili pa maseva a Neopets, ngakhale zimene palibenso tsamba lozilozera. SunnyNeo ndi The Daily Neopets nazo zakhala zaka zambiri. Dress to Impress ndi yochenjera mwa njira ina: osewera amalembamo dzina la chiweto chawo, pulogalamuyo n'kuona mmene chovala chakuti chimaonekera pa chiweto cha mtundu wakuti, n'kusunga. Nkhokwe yonseyo inamangidwa choncho, chiweto chimodzichimodzi.

Kunja kwa osewera kuli Internet Archive, imene Brewster Kahle anayambitsa ku San Francisco mu 1996. Wayback Machine yake, yotsegulidwa mu 2001, ikhoza kukuonetsani tsamba loyamba la Neopets mmene linkaonekera zaka zoyambirira. Malire ake ndi oti imangoona zimene mlendo aliyense angaone. Chilichonse chofuna pasiwedi sichinajambulidwe, ndipo moyo wambiri wa Neopets unali kuseri kwa chitseko chimenecho. Archive Team, gulu limene Jason Scott anayambitsa mu 2009, linathamanga kukakokolola zimene likanatha GeoCities isanagwe, ndiye zithunzi zina zakale zimapezeka m'milu imeneyo.

Amene akufunabe kumanga masamba ndi manja ambiri asamukira ku Neocities, imene Kyle Drake anatsegula mu 2013. Dzinalo silichokera ku Neopets, likukumbutsa GeoCities, koma mukayendamo mudzawazindikira ana a ku Neopia ndi zothwanima zawo. Nyumba zosungira zakale nazo zayamba kutchera khutu: mu 2024 Neopets inali m'gulu la magemu omaliza oganiziridwa kulowa mu World Video Game Hall of Fame ku The Strong, nyumba ya zakale ya masewera ya ku Rochester, New York. Sinasankhidwe.

Ndingaipezenso akaunti yanga yakale?

Mwina. Ngati mwaiwala dzina la akaunti koma mukukumbukira la chiweto, lifufuzeni pa webusayitiyo, chifukwa tsamba la chiweto limasonyeza mwini wake. Chopinga choyamba chimakhala imelo: ija munalembetsera inafa kalekale, kapena inali ya kuntchito kwa bambo anu.

Chachiwiri n'choseketsa. Lamulo la ku America lotchedwa COPPA, loteteza ana osakwana zaka 13 pa intaneti, linkachititsa kuti mwana asaloledwe kucheza ndi ena pa webusayitiyo popanda chikalata chosainidwa ndi kholo, chotumizidwa pa fakisi kapena pa positi. Ndani akanapita kwa amayi ake ndi pepala limenelo? Tinkangonama. Ine ndinadzipatsa chaka chobadwa cha achemwali anga, mwezi ndi tsiku n'kungopeka. Patapita zaka, akaunti imene yagona nthawi yaitali inkafunsidwa tsiku lobadwa polowa, ndipo anthu akuluakulu ambirimbiri anapezeka atakhala pansi, akuyesa kukumbukira bodza limene ananena ali ndi zaka 10. Langa ndinalipeza litalembedwa kuchikuto kwa kope lakale la masamu.

Zikakanika, lemberani a ofesi yothandiza osewera, muwauze zonse zimene mwini weniweni yekha angadziwe: maimelo akale, chaka chimene munalembetsa, katundu amene munasiya mu Safety Deposit Box, bokosi losungiramo katundu mu akaunti yanu. Dziwaninso kuti maakaunti ena ogona kwambiri anafufutidwa, ndipo dzina la chiweto chanu likhoza kukhala kuti linatengedwa ndi wina.

Mukalowa, choyambirira sinthani pasiwedi. Mu Julayi 2022 zinadziwika kuti akuba anatenga zinsinsi za maakaunti pafupifupi 69 miliyoni, ndipo kumeneku sikunali kuba koyamba. Ngati pasiwedi ya ubwana ija mukuigwiritsabe ntchito kwina, isintheni konseko. Musagule akaunti kapena chiweto ndi ndalama zenizeni: kawirikawiri ndi zakuba, ndipo zikadziwika akauntiyo imatsekedwa.

Zanga ndingazisunge bwanji?

Yambani ndi zolemba. Tsegulani pamene mumasinthira petpage kapena tsamba lodzifotokozera, koperani HTML yonse, muiike mu fayilo wamba pa kompyuta yanu. Kenako jambulani sikirini, tsamba lonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, chifukwa zolemba zomwezo browser ya zaka zikubwerazi idzazionetsa mwina. Chithunzi chilichonse chimene chikuonekabe chitsitseni pachokha.

Zimene zinasanduka mabokosi musafulumire kuzilira maliro. Mu HTML muja adiresi ya chithunzi chilichonse ikadalimo. Ikopereni, muiike mu Wayback Machine. Nthawi zambiri simupeza kanthu, koma nthawi zina chimatuluka, ndipo chisangalalo chake n'chovuta kufotokoza. Masamba oonekera kwa aliyense mukhoza kuwasungitsa nokha ku Internet Archive podina Save Page Now. Ndipo kompyuta yakale ya kunyumba, ija ili pamwamba pa wadilopu, musaitaye musanaone m'kati mwa hard drive yake. Zojambula zambiri za ana za pa MS Paint zikadali m'menemo, osati pa intaneti.

Chimene ambiri amaiwala ndi kulemba mawu ochepa ofotokoza: tsamba ili linali la chiyani, ndinalipanga chaka chiti, guild yathu tinkatani. Fayilo yopanda nkhani pakapita zaka 20 imangokhala fayilo. Musunge makope m'malo awiri kapena atatu, limodzi likhale m'manja mwanu. Mu 2019 MySpace, webusayiti yakale yochezerapo, inavomera kuti inataya nyimbo zimene anthu anaikapo kuyambira 2003 mpaka 2015, pafupifupi 50 miliyoni, posamutsa maseva. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Nanga mawebusayiti amene osewera amamanganso Neopets yakale?

Alipo, ndipo ena anamangidwa mwaluso, ndi maonekedwe a zaka za m'ma 2000 enieni. Koma zojambulazo ndi za kampani, ndiye amakhala mwa chisomo. Chitsanzo chili pafupi. Club Penguin, webusayiti ina ya masewera a ana, inatsegulidwa mu 2005, Disney inagula mu 2007 n'kuitseka mu Malichi 2017. Osewera anamanga ina yofanana nayo, Club Penguin Rewritten, imene inakopa anthu ambiri, mpaka mu Epulo 2022 pamene inatsekedwa ndi apolisi a City of London potsata dandaulo la umwini wa zojambula. Pitani mukalawe ngati mukufuna, koma musasungitseko chimene simungafune kutaya, ndipo pasiwedi yake ikhale yosiyana ndi ina iliyonse.

Kodi si kungokometsera zakale chabe kumeneku?

Mbali ina n'zoona. Neopets sinali munda wa Edeni. Kampaniyo inkanyadira njira yake yotsatsira malonda imene inkaitcha immersive advertising, kutanthauza kuti malondawo ankalukidwa m'kati mwa masewera momwemo: gemu yonse yokhudza chakudya chakuti cham'mawa, katundu wa chiweto wokhala ndi dzina la kampani yeniyeni. Mwana wa zaka 9 sankadziwa pamene gemu yathera ndi pamene malonda ayambira. Kunalinso mawilo opukusa, makadi okanda ndi kubetcha kwa Food Club, zimene ndi juga ndithu ngakhale ndalama zake zinali zoseweretsa. Kunali atambwali omanga masamba abodza olowera kuti abe mapasiwedi a ana anzawo. Wosunga mbiri woona asungenso zimenezi, asangotola maluwa.

Koma sindivomereza kuti palibe chenicheni chimene anthu akupukwa. Intaneti imeneyo unkachita kupitako, n'kubwerako. Kunalibe mndandanda wosatha wokusankhira choti uone. Tsamba lako linkakhala lonyansa, zilembo zachikasu pa buluu wowala, koma linali lako mpaka msomali womaliza, ndipo la mnzako silinkafanana nalo. Lero tonse tili m'nyumba za lendi zopentedwa mofanana, ndipo sitiloledwa kukhoma ngakhale kalendala.

Kodi chilichonse chiyenera kusungidwa poyera?

Ayi. Olemba masamba amenewa anali ana. Ngakhale malamulo ankaletsa, ena analembapo mayina awo enieni, sukulu zawo, mavuto a kunyumba. Lanu chitani nalo zimene mukufuna. La mnzanu mukhoza kulisunga kwa inu nokha, koma musanalionetse kugulu mufunseni, ndipo ngati sakupezeka bisani dzina lake.

Ife amene sitinasewereko zikutikhudza bwanji?

Ambiri a ife zaka zimenezo intaneti tinkaionera ku cafe, yolipira pa mphindi, ndipo gemu ya Flash ikanatha ndalama zonse isanatseguke. Ndiye Neopets si ubwana wa ambiri kwathu. Koma amene anali ku South Africa akukumbukira Mxit, imene Herman Heunis anayambitsa ku Stellenbosch, ndipo achinyamata mamiliyoni ankachezerapo pa timafoni ta mabatani. Inatseka bizinesi yake mu 2015. Afunseni ngati ali ndi uthenga ngakhale umodzi wa nthawi imeneyo.

Ndikalowa lero ndipeza chiyani?

Mupeza mudzi womangidwa pamwamba pa mudzi wina. Masamba ena ndi atsopano, okonzedwa kuti azioneka bwino pa foni. Mukadina kawiri mugwera m'tsamba limene silinakhudzidwe kwa zaka zambiri, tizilembo ting'onoting'ono, nthabwala za anthu amene anasiya ntchito kalekale zili pomwepo. Dzira lija likadalipo. Money Tree, mtengo umene olemera amatayapo katundu kuti osauka atole, ukadalipo, ndipo zabwino zimatengedwa musanaphethire monga kale. Soup Faerie akuphikabe supu ya amene alibe ndalama. Jelly World, dziko limene akuluakulu a webusayitiyo akhala akukanitsitsa kuti kulibe, likupezekabe kwa amene akudziwa adiresi yake. Altador Cup, mpikisano wa mpira wawo wa Yooyuball umene unayamba mu 2006, umachitikabe chaka ndi chaka.

Ku Tyrannia komwe kuja kulinso Wheel of Monotony, wilo limene ukalipira n'kulipukusa limatha kuzungulira maola ambirimbiri lisanaime. Ndinalipukusa m'mawa ndisanayambe kulemba mayankho awa. Ndangopita kukaona, likuzungulirabe.